Za Ulendo Wathu wa ku Nyanja, kwa Malenga Chanzi

Ambiri a inu amene mukhala kumtunda kuno, ku Chipata, ku Katete ndi ku Chadiza, mudya usipa wouma chaka ndi chaka, koma madzi amene usipawo uchokerako simunawaone ndi maso. Nafenso tidali otero kufikira mwezi wa Julayi wapitawu. Tsono ndati ndikusimbireni za ulendo umene tidayenda kunka ku Malawi, ku dziko la mfumu Malenga Chanzi m'boma la Nkhotakota: zimene tidadya kumeneko, umo tidapumulira, ndi chinthu chimodzi chimene nyanja idaphunzitsa ife nkhalamba zinayi tisanachipemphe.

Tidali anayi, abwenzi a paubwana, ndipo tonse imvi zatimera: ine amene ndidali mphunzitsi, mnzanga telala, wina mlimi wa mtedza ndi thonje, ndi wina amene adakalambira pa chiwongolero cha malole. Miyezi 10 tidasonkha ndalama pang'onopang'ono, ndipo thumba tidasungitsa telala, pakuti iyeyo ndalama ikalowa m'dzanja mwake siituluka msanga. Akazi athu adatiseka, nati, "Kodi amuna akuluakulu anka kutali kotero kukangokhala pamchenga ndi kudya?" Ife tidavomera kuti ndi chomwecho chimene tifuna: kukhala pamchenga, ndi kudya chambo tsiku ndi tsiku kufikira chitatikola.

Panjira

Tidanyamuka Lolemba mbandakucha, ndipo tidafika pa malire ku Mwami dzuwa lisanatenthe. Pamenepo adadinda mapasipoti athu, natiuza kuti tsopano talowa kwa eni. Koma mayi woyamba amene adatigulitsa nthochi ku Mchinji adatilonjera m'chinenero chomwe amayi athu adatilera nacho. Malire amenewa adalembedwa m'masiku a atsamunda, nadula mtundu umodzi pakati. Ndipo mudziwa inu nomwe kuti chaka chilichonse mwezi wa Ogasiti Achewa a ku Malawi, a ku Mozambique ndi a kuno kwathu asonkhana ku Mkaika pa mwambo wa Kulamba, pamaso pa Kalonga Gawa Undi. Ngakhale ndalama za maiko awiriwa zili ndi dzina limodzi. Kwacha yathu idayamba mu 1968, ya ku Malawi mu 1971, koma mphamvu zake zisiyana. Chotero telala, atasintha za m'thumba lathu, adalandira mpukutu wonenepa wa mapepala, naubisa mkati mwa jekete. Za mpukutu umenewu mudzamvanso kutsogoloku.

Tidapyola Lilongwe ndi kutsika mapiri kunka ku Salima, kumene mphepo iyamba kufunda ndipo milambe iyamba kuoneka. Kuchokera pamenepo msewu upotolokera kumpoto, nutsata gombe makilomita oposa 100 kufikira ku Nkhotakota. Koma nyanja ibisala kuseri kwa mitengo ndi minda, ingong'anima apa ndi apo. Pa mlatho wa Chia, pamene thamanda lalikulu la dzina lomwelo lilumikizana ndi nyanja, anyamata adathamangira galimoto atakweza nsomba m'mwamba. Woyendetsa adagula ziwiri, nazimangirira kunja pa kalirole kuti mphepo iziwombe zisavunde. Umo ndimo mudziwira galimoto yochokera kunyanja.

Nyanja ndi mudzi

Tidafika kutada, ndipo nyanja tidaiona bwino m'mawa mwake. Kumeneko dzuwa lituluka m'madzi, pakuti gombe liyang'ana kum'mawa. Mlimi adaima nthawi yaitali chipewa chili m'manja, ndipo potsiriza adafunsa, "Aphunzitsi, kodi tsidya lake lili kuti?" Sadafunse mopusa ai. Kutalika kwa nyanja imeneyi ndi makilomita pafupifupi 580, m'mimba mwake pena pafika 75, ndipo cha kumpoto kuya kwake kufika mamita 700. Kunja kukayera bwino, mapiri a ku Mozambique aoneka mwachizimezime ngati mitambo yokhala pamadzi. Madzi ake alibe mchere, ndipo anthu ophunzira za zamoyo anena kuti palibe nyanja ina ya pakati pa mtunda, pa dziko lonse lapansi, imene ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka ngati iyi.

Boma la Nkhotakota, limene m'mabuku akale lilembedwa Kota Kota, lili m'dziko la Malenga Chanzi, mfumu ya Achewa, ndipo mudzi wake wakale ndi Linga. Patsogolo pake mchenga wa Sungu utambalala m'madzi ngati mkono, nutchinjiriza doko ku mafunde; n'chifukwa chake ngalawa zakhala zikukocheza pamenepa kuyambira kalekale. Ife tidapeza malo m'kanyumba ka alendo kufupi ndi mchenga, kwa mayi wina wachikulire, wamasiye, amene ankatiphikira yekha. Adali ndi mdzukulu, mnyamata msodzi, amene usiku ankanka panyanja ndipo usana ankagona. Masiku oyamba sitidamuone. Tidangoona malaya ake atayanikidwa pachingwe kuseri kwa nyumba.

Mpunga ndi chambo

Chakudya choyamba chimene mayiyo adatiikira pamkeka chidali chomwe tidachilota miyezi 10: chambo ndi mpunga. Chambo chophika sichifuna zambiri: mchere, matimati, anyezi, madzi pang'ono ndi moto wofatsa; ndipo wophika satakasa ndi mthiko, angogwedeza mphika kuti nsomba isaphwanyike. Mnofu wake ndi woyera, ulekana wokha ndi minga. Ife tidadya pakati ndi kumchira, mitu tidaikankhira pambali. Mayi adaona, naseka, nati, "Abambo, ndiwo mwazisiya, mwadya zotsala." Pakuti kunyanja mutu wa chambo ndiwo ulemu, uperekedwa kwa wamkulu; ndipo munthu wa kugombe aupatula fupa ndi fupa, nayamwa lililonse, osasiya kanthu koma timafupa toyera.

Mpunga udali watsopano, pakuti kumeneko akolola m'miyezi ya Meyi ndi Juni, ndipo fungo lake lidatifika mbale isanavundukulidwe. Aulima m'madambo a m'mbali mwa nyanja ndi mitsinje, ndipo mitundu yotchuka ndi Faya ndi Kilombero. Kwathu mpunga ndi chakudya cha Khirisimasi ndi cha paukwati. Kumeneko ngakhale ana audya tsiku wamba osadabwa.

Koma mpunga umenewu uli ndi mbiri yowawa, ndipo ndi bwino kuti woudya aidziwe. M'zaka za m'ma 1840 kudafika Mswahili wina wochokera ku gombe la nyanja ya mchere, dzina lake Salim bin Abdallah, napempha malo kwa eni dziko. Iyeyu ndiye Jumbe woyamba. Iye ndi omlowa m'malo adakula mphamvu kuposa mafumu amene adawalandira, nachita malonda a minyanga ya njovu ndi a akapolo. Anthu ogwidwa kumtunda, kumadzulo kumene ife tichokera, ankawolotsedwa m'zombo za matanga kunka tsidya lija, ndi kuyendetsedwa pansi kufikira ku Kilwa. A Jumbe amenewa ndiwo adakulitsa ulimi wa mpunga pa gombe ili, kuti adyetse anthu awo ndi a m'maulendo awo. Ulamuliro wawo udatha m'ma 1890, pamene boma la Angelezi lidachotsa Jumbe wotsiriza ndi kumtumiza ku Zanzibar. Ukapolo udatha, koma mpunga udatsala, ndipo lero udyetsa adzukulu a onse, a ogula ndi a ogulidwa omwe.

Kondowole

Tsiku lotsatira adatipatsa kondowole, ndiyo nsima ya chinangwa, imene ili chakudya chenicheni cha anthu a kugombe, pakuti nthaka ya mchenga chinangwa chiilola kuposa chimanga. Kukonza kwake ndi kwa masiku. Akumba chinangwa chowawa, achisenda, nachiviika m'madzi masiku angapo kufikira chitafewa ndipo ululu wake utatuluka, pakuti chosaviika chiledzeretsa, ndipo nthawi zina chipha. Atatero achiyanika padzuwa, achisinja, nasefa ufa woyera mbee. Pophika sayamba ndi phala monga tichitira ndi ufa wa chimanga. Madzi akawira athira ufa, navundula ndi mphamvu zonse kufikira nsima itagwirana ndi kutamuka ngati ulimbo.

Mlimi adatema mbamu yaikulu monga achitira kwawo, nayamba kutafuna. Adatafuna, natafunanso, koma mbamu siidathe. Ana amene ankasuzumira pampanda adagwa nako kuseka. Mayi adati, "Abambo, kondowole satafuna. Temani pang'ono, sunsani mumsuzi, mezani." Ndiwo zake zidali chigwada, ndiwo masamba a chinangwa chomwecho, osinja ndi otendera, pamodzi ndi kampango wowamba, nsomba yopanda mamba, ya mnofu wonona ndi minga yochepa. Asodzi aikonda nsima imeneyi chifukwa ikhalitsa m'mimba. Ifenso titadziwa kadyedwe kake sitidaikanenso.

Za kupumula

Ntchito yathu masiku amenewo idali kusagwira ntchito, ndipo tidaona kuti kwa munthu wozolowera khasu kapena choko chimenechi si chapafupi. Tsiku loyamba mlimi adafunafuna nkhwangwa kuti awaze nkhuni, ndipo mayi adachita kumlanda. Pang'ono ndi pang'ono tidaphunzira. M'mawa tinkasamba pamalo pamene adatilozera, pa mchenga woyera pamene mafunde amenya. Adatiletsa malo a bango ndi a madzi odikha, pakuti mmenemo mukhala nkhono zimene zifalitsa likodzo. Adatiletsanso pa mathiriro a mitsinje, ndi kusamba kutada, chifukwa cha ng'ona ndi mvuu. Mwa ife anayi wodziwa kusambira padalibe. Tinkalowa kulekeza m'chiuno titagwirana manja, pamene tiana ta zaka 6 tinkalumpha kuchokera m'bwato ndi kumira ngati achule.

Usana tinkakhala patsinde pa mango ndi akuluakulu a pamudzi, kuonera bawo. Thabwa lake lili ndi maenje 32 m'mizere inayi, ndipo aseweretsa nkhomo 64. Telala, amene kwathu palibe womgonjetsa pa nsolo, adagonja katatu motsatana kwa nkhalamba ina ya Chisilamu, imene inkasewera ndi dzanja limodzi kwinaku ikusoka ukonde.

Tidakaonanso mkuyu waukulu kufupi ndi chipatala cha St Anne's, pamene anthu asimba kuti David Livingstone adakhala pansi ndi Jumbe, pomdandaulira kuti aleke malonda a anthu. Livingstoneyo adafika kuno mu 1863. Pafupi pomwepo pali tchalitchi cha All Saints cha Aanglikani, amene adakhazika mishoni yawo mu 1894, ndipo m'menemo agona bishopu Chauncy Maples, amene adamira m'nyanja mu 1895, ngalawa yake itagubuduzidwa ndi namondwe. Zimenezi tidazimva ngati nkhani yakale, yosatikhudza. Ku Mawira, kumene madzi otentha atumphuka pansi, mnzathu wa malole adaviika miyendo yake ya nyamakazi, nakana kuchoka. Koma ku nkhalango ya nyama ya Nkhotakota, kumene adasamutsirako njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete mu 2016 ndi 2017, telala adakaniza ndalama, nati njovu ku Luangwa kwathu zilipo zambiri.

Chokoma choposa zonse chidali usiku. Mwezi udali mumdima, ndipo kukada nyanja inkadzaza nyali, mzere wautali kuchokera kumwera kufikira kumpoto, ngati mzinda woyandama pamadzi. Tinkakhala pamchenga ndi tiyi ndi mbatata yootcha, kukumbutsana za paunyamata ndi kuyamikira kukongola kwa nyalizo. Palibe mwa ife amene adafunsa kuti pansi pa nyali iliyonse pali yani.

Malonda a pagombe

Lachinayi m'mawa tidatsikira kudoko kuti tikagule ndiwo tokha. Ngalawa zinkafika, amayi ankalowa m'madzi ndi mabeseni kukazichingamira, ndipo usipa unkayalidwa pa thandala, ukung'anima ngati siliva. Padali utaka, mcheni ndi milamba. Koma chambo chachikulu chidali chochepa, ndipo mtengo wake udatidzidzimutsa. Telala adapeza mnyamata wina wotopa, wa maso ofiira, amene adali ndi nsomba zitatu za chambo. Adamtsitsa mtengo, nachoka, nabwerera, nachokanso. Ndipo adamuuza kuti nsomba salima, sathira feteleza, angotola m'madzi. Mnyamatayo adamyang'ana, natiyang'ana ife, ndipo potsiriza adalola theka la mtengo umene adatchula. Telala adagulanso kwa munthu wina mulu wa tinsomba tating'ono totsika mtengo, ndipo tidabwerera tikumtama kuti ndi katswiri, mpukutu uja uli chinenepere m'jekete.

Mayi adalandira nsomba zitatuzo osanena kanthu. Koma ataona tinsombato nkhope yake idagwa. Adati, "Abambo, mwagula chiyani? Ameneyu ndi kasawala, ana a chambo. Mwagula chambo cha chaka chamawa." Tsono adatifotokozera umo chambo chiberekera. Chachimuna chikumba chisa chozungulira pa mchenga wa pansi pa madzi. Chachikazi chiikira mazira, nichiwatola m'kamwa mwake, ndi kuwasunga momwemo kufikira ataswa. Ndipo tiana tikatuluka, tikaona choopsa tithawira m'kamwa mwa make. Wopha make pa nyengo imeneyo apha mazana. Tianato tikulira m'madzi osaya a m'mbali, ndipo makoka a maso ang'onoang'ono, ngakhale maneti amene adaperekedwa kuti ateteze ana ku udzudzu, atikokolola tonse. "Pa utsikana wanga," adatero mayi, "chambo tinkapatsa mlendo kwaulere. Koma ogula akapanda kuleka kugula, okoka saleka kukoka."

Mawu a mayiyu agwirizana ndi zolembedwa. Chambo chidayamba kuchepa kwambiri m'ma 1990, ndipo mu 2018 bungwe la IUCN, limene liwerenga zamoyo zimene zili pangozi, lidaika mitundu itatu ya chambo m'gulu la zimene zatsala pang'ono kutheratu. Boma la Malawi liletsa kugwira chambo chosafika masentimita 15, ndipo m'miyezi ya Novembala ndi Disembala, pamene nsomba ziswana, litseka usodzi wa makoka. Tinsomba tija mayi adatiphika, pakuti chakudya sataya. Koma palibe amene adapempha kuti amuwonjezere.

Usiku wa mwera

Lachisanu madzulo nyanja idali bata, ndipo ngalawa zidatuluka monga masiku onse. Pakati pa usiku ndidadzidzimuka ndi kulira kwa malata: mwera udafika. Imeneyi ndi mphepo ya kumwera, imene iwomba m'miyezi yozizira, makamaka kuyambira Meyi kufikira Ogasiti. Ndipo popeza itsata utali wa nyanja, iutsa mafunde aatali kuposa munthu. Ndidatuluka, ndipo taonani, mzinda wa nyali uja udali utabalalika, nyali zikuzima imodzi imodzi. Pamchenga padali kale anthu, amayi atafunda zitenje, atasonkha moto waukulu kuti a panyanja aone kolowera. Mayi wathu adali pomwepo. Ngalawa zidafika imodzi imodzi, zina zitataya nsomba m'madzi kuti zipepuke. Kutacha zonse zidali zitafika kupatula imodzi, ndipo m'menemo ndimo mudali mdzukulu wake.

Tidakhala naye pamchenga, pakuti china chochita padalibe. Nkhalamba ya bawo ija idakhala nafe, nitifotokozera ntchito ya nyali zimene tinkaziyamikira. Usodzi umenewu autcha kauni. Munthu mmodzi, amene amtcha siginala, akhala m'bwato ndi nyali zowala, kale za parafini, tsopano zambiri za mabatire, ndipo usipa usonkhana pa kuwalako. Pamenepo ngalawa ziwiri ziuzinga ndi ukonde waukulu wotchedwa chilimira, ndipo anyamata ngati 10 aukoka ndi manja. Aponya, nakoka, naponyanso, usiku wonse, atanyowa, m'mphepo yozizira. Zida ndi za mwini wake. Iye achotsa za mafuta a injini ndi gawo lake, ndipo chotsala ndicho agawana anyamata. Masiku ena chotsalacho ndi ndiwo chabe. Mwezi ukawala nyali zilibe mphamvu, mwera ukakula sapita, ndipo masiku otero palibe cholandira. Telala adamva zonsezi ali chete, akulemba pamchenga ndi chala. Ine ndidakumbuka manda a m'tchalitchi muja, ndipo sindidawayesenso nkhani yakale.

Dzuwa lili pamutu lamya ya mwini ngalawa idalira. Injini idawazimira, mphepo idawakankhira kumpoto, ndipo usiku wonse adagwira ntchito yokapa madzi, kufikira adakatsakamira m'bango cha ku mtsinje wa Bua. Ukonde udatayika, koma onse adali amoyo. Amayi adaliza nthungululu gombe lonse. Mayi wathu sadalize. Adangokhala pansi, nafunda chitenje kumaso.

Madzulo mnyamatayo adafika, nalowa pabwalo, natilonjera atagwada. Pamenepo tidamzindikira: adali yemwe uja wa maso ofiira, wa nsomba zitatu. Iye adatidziwa ife kuyambira tsiku lomwe tidafika, ndipo adalola theka la mtengo chifukwa tidali alendo a agogo ake. Ife ndife amene sitidamdziwe, ngakhale tidagona naye pa bwalo limodzi masiku asanu. Telala adaimirira, nasolola mpukutu uja, nati, "Mwanawe, ndidakulakwira. Ndidati nsomba mungotola." Mnyamatayo adakana, nati, "Agogo, malonda adatha Lachinayi." Koma mayi adati, "Landira ndi manja awiri; akulu akapepesa sawabweza." Ndipo adalandira. Akale adanena zoona, kuti ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Mlomo wathu sudachite kutitsata kutali, udatipeza tisanachoke.

Chakudya chotsiriza

Mwera udawomba masiku awiri ena, ndipo palibe ngalawa imene idatuluka. Phwando la chambo limene tidakonza kuti titsazikire nalo lidalephereka, monga anena kuti kwa eni kudyetsa nthanga, dzungu ulifuna. Mayi adatenga usipa wofutsa, umene auwiritsa pang'ono m'madzi a mchere asanauyanike, nauphika ndi matimati. Adavundula kondowole, natendera chigwada. Ndiwo usipa womwewo umene kwathu tiuyesa ndiwo za pakutha pa mwezi, ndipo ife tidayenda ulendo wa tsiku lathunthu kuuthawa. Tidadya tonse pamkeka umodzi, ife anayi, nkhalamba ya bawo, ndi mnyamata uja, amene zikhatho zake zidali zong'ambika ndi zingwe. Ndinena zoona, pa zakudya zonse za ulendowu chimenechi ndicho ndichikumbuka koposa. Pobwerera tidagula dengu la usipa wouma pa mtengo umene wogulitsa adatchula, ndipo telala adawerenga ndalamazo yekha osang'ung'udza. Akazi athu, poona kuti amuna amene adanka kukadya chambo abwera ndi usipa, adatisekanso. Koma atamva nkhani yonse adauphika ndi ulemu.

Tsono, owerenga okondedwa, ngati muli ndi abwenzi amene mwakalamba nawo, sonkhani pang'onopang'ono, mupite mukaione nyanja maso akali kuona. Si tchimo kuti munthu wogwira ntchito apumule ndi kudya bwino masiku owerengeka. Ofuna madzi odekha apite m'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala, podziwa kuti kutentha. Opita m'miyezi yozizira atenge chofunda. Gonani m'neti, pakuti kugombe malungo ndi ambiri, ndipo funsani eni mudzi posamba musanavule nsapato. Idyani chimene nyanja yapatsa tsiku limenelo. Musaumirire chambo chokha, ndipo chaching'ono musachigule ngakhale chitsike mtengo motani. Kunenerera malonda ndi mwambo, ndipo wogulitsa akuyembekeza. Koma kukhale ndi polekezera, pakuti tsiku limene inu mulitcha lopumula, wina wafika nalo pamtunda atachezera kukoka. Ndipo inu otsala kumudzi, mukathira usipa mumphika madzulo ano, uzani ana kuti nsomba imeneyi siitoledwa ai. Idachokera pansi pa nyali, pakati pa madzi, ndipo pagombe padali mayi amene sadagone kufikira ngalawa itakocheza. Tsalani bwino.